Opaleshoni ya mayi inayenda bwino, koma miyezi itatu tsopano sakudzuka okha

NaNkhoma wa ku Chilomoni:
Abale anga m'gulu muno, ndabwera ndi nkhani ya mayi anga, mwina alipo amene anadutsamo. Ali ndi zaka 78. Mu Januwale, mvula ili mkati, anaterereka potuluka m'bafa kumudzi kwathu ku Ntcheu n'kugwera chammbali. Fupa la m'chiuno, pamene mwendo umalumikizana ndi thupi, linathyoka. Anagona kuchipatala masabata awiri ndi theka, mwendo atawumangirira cholemera, podikira kulowa ku fiyeta. Opaleshoni itachitika adokotala anati yayenda bwino. Bala linapola popanda mafinya, ulusi anachotsa, ine n'kuwatenga kuti azikhala kwathu kuno.

Lero yakwana miyezi itatu. Mayi amene chaka chatha ankapalira okha munda, ankapita wapansi ku Mvano, ankadzitungira madzi pamjigo, lero sangadzuke popanda anthu awiri kuwagwira m'khwapa. Timawasambitsa, timawaveka, chimbudzi chawo ndi ndowa. Dzulo ndinawapeza akuyang'anitsitsa zikhatho zawo, akuti, "Manja awa ankasinja mtondo wodzaza." Ndinatuluka panja kukalira. Kodi ndi ukalamba basi, tingovomereza? Kapena pali chimene tikuphonya?

Mayi wa ku Bangwe:
Pepani kwambiri achemwali. Mulungu akupatseni mphamvu. Kudwazika kholo si ntchito yamasewera.

Wa mafizo ku Zomba:
Pepani mayi. Ndisanalankhule zambiri ndifunseko zinthu zitatu. Potuluka anakuuzani kuti aziponda mwendowo kapena asaponde? Mafizo anachitapo kangati? Ndipo amagona pati, pabedi kapena pansi?

NaNkhoma wa ku Chilomoni:
Anati aziponda pang'onopang'ono atagwira chogwirira, ndipo tizibwera nawo ku mafizo. Tinapitako kamodzi kokha. Mu minibasi sangakwere, ndiye pamafunika kuhayala galimoto, komanso tsiku limenelo analira ndi ululu mpaka ndinawamvera chisoni. Amagona pamatiresi pansi, tinachotsa bedi poopa kuti angagwe usiku. Chilichonse timawachitira, ngakhale kapu ya madzi ndimawagwirira.

Wa mafizo ku Zomba:
Zikomo poyankha mosabisa. Ndikuuzani mmene ndikuonera, ndipo musamve ngati ndikukudzudzulani, chifukwa zimene mwachitazi mabanja ambiri amachita zomwezo, ndipo amachita chifukwa cha chikondi.

Fupa likhoza kulumikizika bwinobwino koma munthu osayenda. Chimene chimanyamula munthu ndi minofu ya m'ntchafu ndi m'matako, ndipo minofu ya munthu wachikulire imasungunuka mofulumira akangogona. Ku America mu 2007 anagoneka okalamba athanzi, osadwala chilichonse, kwa masiku 10 okha, ndipo anapeza kuti ataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Masiku 10, anthu abwinobwino. Ndiye werengani a mayi anu: masabata awiri ndi theka asanalowe ku fiyeta, kuonjezerapo miyezi itatu pamatiresi. Mnyamata amabweza mphamvu zimenezo msanga, koma gogo amazibweza movutikira, ndipo akapanda kuzifunafuna sizibwera zokha.

Matiresi pansi aja ndiye msampha woyamba. Kudzuka kuchokera pansi kumavuta ngakhale kwa gogo amene sanathyoke chilichonse. Bwezerani bedi, likhale lalitali moti akakhala m'mphepete mapazi aziponda pansi bwino, mawondo asapitirire chiuno. Ngati mukuopa kugwa, lisendezereni kukhoma ndipo wina azigona pamphasa pambali pake. Mpando wawo ukhale wolimba, wokwera, wokhala ndi mogwira manja. Sofa yofewa ija imameza munthu.

Koma poti papita nthawi, musayambe nokha. Apiteni nawo kaye akawaone, ngati n'kotheka awajambule, atsimikize kuti zimene anaikamo zili m'malo mwake. Mufunsenso mtundu wa opaleshoni imene anachita, chifukwa ena amene anawaika mutu wa fupa wachitsulo amaletsedwa kunjuta, kukhala pampando waufupi ndi kupingasa miyendo kwa kanthawi. Poti muli ku Blantyre, funsaninso ku Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi Queen Elizabeth. Ntchito yawo ndi imeneyi.

Mayi wa ku Bangwe:
Achimwene a mafizo, ine pamenepo ndiye sindikugwirizana nanu kwenikweni. Munthu wa zaka 78 wagwira ntchito moyo wake wonse, wabereka, walera, walima. Lero wavulala, mwana wake akumusamala, inu mukuti amudzutse azivutika ndi ululu? Ino ndi nthawi yoti mayiwa apume, ana awo abweze zimene anawachitira. Komanso anthu oyandikana nawo akaona gogo akudzikoka yekha kupita kuchimbudzi mwana wake ali khale, aziti chiyani?

Wa mafizo ku Zomba:
Mayi, ndikukumvani, ndipo ulemu umenewo sindikuunyoza. Koma tamverani mawu a gogowo. Sanati ndatopa ndikufuna kupuma. Anayang'ana manja awo n'kudandaula kuti sakugwiranso ntchito. Kusamala sikutha, kumangosintha. M'malo mowanyamula, mumaima pambali dzanja lili kumsana kwawo, iwo n'kudzuka okha. Zimatenga nthawi yaitali kuposa kuwanyamula, ndipo zimafuna mtima wodekha kwambiri. Za ululu, pali mankhwala. Awapatse amene adokotala analemba patatsala theka la ola kuti ayambe kuyeserera, osati kudikira kuti alire kaye.

Mlongo wanu ku Leeds:
Ndilowererepo. Ine ndimagwira ntchito yosamala okalamba kuno ku England, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Malangizo a kuno amati munthu wothyoka fupa la m'chiuno achitidwe opaleshoni tsiku lomwe wafika kuchipatala kapena mawa lake, ndipo tsiku lotsatira opaleshoni a mafizo amudzutse. Nditangofika ndinkaona ngati nkhanza, gogo wa zaka 90 dzulo anali ku fiyeta lero akumuimika. Pano ndinamvetsa. Amalimbikitsanso kuti wodwala m'mawa avule zogonera, avale zovala zake za masana, akhale pampando, chifukwa munthu akakhala mu zogonera tsiku lonse amadziona wodwala ndipo aliyense amamuona wodwala.

Koma ndisakunamizeni, ngakhale kuno kumene zipangizo zili mbwee, ambiri sabwereranso mmene analili asanagwe. Ena amene ankayenda opanda ndodo amatsala ndi ndodo, ena amene ankakhala okha amasamukira kunyumba zosungira okalamba, kumene ndimagwira ntchito ineko. Choncho musadziikire mlandu wonse.

Chimene chingakuthandizeni ndi ichi. Ife timayang'ana zinthu zisanu ndi chimodzi: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuchoka pabedi kupita pampando, kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudya. Pa chilichonse dzifunseni kuti mayi angachite okha mbali iti. Mwina kumsana ndi kumapazi sangafike, koma nkhope, m'khwapa ndi pachifuwa angasambe okha. Apatseni kansaluko m'manja. Bulauzi angavale okha, duku angamange okha. Manja awo sanathyoke, achemwali. Kapu ija asiyireni.

NaNkhoma wa ku Chilomoni:
Mawu akuti manja awo sanathyoke andilasa. Zoona, ndakhala ndikuwadyetsa munthu amene manja ake ali bwinobwino. Ndinkaona ngati ndikapanda kutero ndine mwana wosayamika.

Pali china chimene sindinanene poyamba chifukwa cha manyazi. Masiku atatu oyamba atachoka ku fiyeta, mayi anasokonezeka mutu. Usiku ankakuwa kuti kudenga kuli anthu, ankaitana malemu bambo, ankafuna kuzula diripi, ine osandizindikira. Masana ankakhala bwinoko. Zinatha patapita sabata, koma achibale ena kumudzi anayamba kunena kuti kugwa kuja sikunali kwabwino, wina anawatchera. Ena mpaka akuti mayi omwewo ndi amene ankaulula zawo. Nkhani imeneyi yagawa banja.

Namwino wopuma ntchito:
Mwana wanga, pukuta misozi, zimenezo ndaziona kambirimbiri m'zaka zonse zimene ndinagwira mu wodi. Pachingerezi amati delirium. Ndi kusokonezeka kwa ubongo kobwera mwadzidzidzi, ndipo kumagwira kwambiri okalamba akachitidwa opaleshoni, makamaka ya fupa la m'chiuno. Kumakula dzuwa likalowa, kumachepa kukacha, ndendende mmene wafotokozera. Zoyambitsa zake ndi zodziwika: ululu, kuchepa kwa madzi m'thupi, kutaya magazi, matenda a m'njira ya mkodzo kapena chibayo, kudzimbidwa, mkodzo kukanika kutuluka, mankhwala ena, kusagona, ndi kukhala malo achilendo. Si misala, si ufiti, ndipo zimene munthu amalankhula nthawi imeneyo si kuulula chilichonse. Ndikunena motsindika chifukwa m'dziko muno agogo ambiri amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonamiziridwa ufiti. Uwauze achibalewo momveka bwino, ndipo ngati n'kotheka wachipatala awafotokozere yekha.

Munthu amene anadutsa m'zimenezi amachira mochedwerapo, ndipo ena amatsala ndi mantha kapena kuiwalaiwala. Zikadzabweranso mwadzidzidzi kunyumba, kapena ukaona akungogona osafuna kulankhula, usadikire, thamangira nawo kuchipatala, kawirikawiri pamakhala matenda amene abisala.

China, popeza akhala chigonere nthawi yaitali: lero lomwe uwatembenuze uone kumunsi kwa msana pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno ndi kuzidendene. Ukapeza pofiira kapena pakuda kuposa khungu lina, potentha kapena polimba, chimenecho ndi chiyambi cha chilonda cha pabedi. Asagonere mbali imodzi kupitirira maola awiri, pogona pakhale pouma, ndipo zidendene zisakhudze matiresi, uike pilo pansi pa akatumba. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi, ndi zachangu, magazi akhoza kukhala ataundana mumtsempha.

Mphunzitsi wa ku Mponela:
Nkhani iyi yandikumbutsa bambo anga, ngakhale kuti iwo mwendo sunathyoke. Anawachita opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ali ndi zaka 74, ndipo anatuluka ndi chubu cha mkodzo ndi kathumba kake. Chubu anachotsa, koma kwa miyezi ingapo mkodzo unkadontha. Bambo anga anali munthu wa pabwalo, wa bawo pansi pa mtengo wa mango, woyendetsa mwambo pamaliro. Tsiku lina anaimirira pagulu buluku litanyowa, ndipo kuyambira pamenepo anadzitsekera m'nyumba. Anasiyanso kumwa madzi poopa kudontha. Patatha miyezi inayi ankayenda chogwira khoma, munthu amene ankapalasa njinga mpaka ku Dowa.

Ife tinkangoti opaleshoni yawafoola. Amene anatulukira chenicheni anali mnzawo wa bawo, amene anabwera ndi bawolo kunyumba n'kukhala nawo pakhonde. Kwa ife ana awo sakanatha kunena za mkodzo. Titadziwa tinawapezera zovala zamkati zomwa madzi, achipatala anawaphunzitsa kulimbitsa minofu yogwira mkodzo, ndipo pang'onopang'ono anayambanso kutuluka. Njinga sanakwerenso mpaka anamwalira, koma pabwalo anabwerera. Ndiye mayi a ku Chilomoni, funsani ngati pali chimene mayi akuchita nacho manyazi. Mwina auza mnzawo wa Mvano zimene sangauze inu.

Mnyamata wa ku Mangochi:
Ine ndikamawerenga zonsezi ndikungoona kuti agogo asamapite n'komwe ku opaleshoni. Anga akufunika ya ng'ala koma ndayamba kuopa.

Namwino wopuma ntchito:
Ayi mdzukulu wanga, usasakanize. Ya ng'ala ndi yaifupi, sagoneka munthu tulo, amangochititsa dzanzi diso, ndipo ndi imodzi mwa maopaleshoni amene amabwezera gogo ufulu wake. Amene ankatsogoleredwa ndi kamwana amayamba kuyenda yekha, ndipo woona bwino sagwaigwa. Ku Nkhoma akhala akuchita imeneyi kwa zaka zambiri, ku Zomba ndi ku Blantyre amachitanso. Apite nawo. Ngakhale ya fupa la m'chiuno, kuisiya ndiye koopsa kwambiri, chifukwa munthu amagona miyezi ali ndi ululu, chibayo ndi zilonda zikumudikira. Chimene timalira m'dziko muno ndi kuchedwa kwake, madokotala a mafupa ndi ochepa ndipo m'zipatala za m'maboma ntchito yambiri ili m'manja mwa ma clinical officer. Chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023 chathandizako, koma mzere udakali wautali.

Mdzukulu wa ku Area 25:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndinene zanga kuti pasakhale mbali imodzi yokha. Agogo anga tinachita zonse zimene mukunenazi. Wa mafizo ankabwera kunyumba, chogwirira tinagula, mazira tinkawaphikira. Sanayendenso. Anali ndi shuga, mtima unali wofooka, ndipo mutu unali utayamba kale kuiwala asanagwe. Anakhala chaka ndi miyezi iwiri, n'kutisiya ndi chibayo. Amayi anga anasiya geni yawo kumsika kuti aziwasamala, msana wawo mpaka lero umawavuta chifukwa chonyamula. Abale awo aamuna ankangoimba foni kufunsa kuti akupeza bwanji.

Sindikufuna kukufooketsani mayi a ku Chilomoni. Yesetsani ndithu. Koma zikakanika musadzadzione ngati munalephera. Ndipo muyambiretu pano kugawana ntchito ndi abale anu, mutu umodzi susenza denga. Amene ali kutali atumize ya galimoto yopitira ku mafizo, amene ali pafupi adzagoneko masiku awiri kuti inu mupume.

Wa mafizo ku Zomba:
Zimene wanena mdzukuluyu ndi zoona, pepa kwambiri. Chimene chimalosera kwambiri ndi mmene munthu analili asanagwe. Amene anali wofooka kale, wowonda, woiwalaiwala, njira yake imakhala yovuta. Chimene chikundipatsa chiyembekezo pa mayi awa n'chakuti miyezi inayi yapitayo ankapalira munda.

Akakuuzani kuchipatala kuti zonse zili m'malo, zoyambira kunyumba ndi izi. Ali chigonere, azivinitsa mapazi m'mwamba ndi pansi, azikanikiza bondo pamatiresi n'kuwerenga mpaka 5, azifinya matako. Kenako azikhala m'mphepete mwa bedi miyendo ili lende kwa mphindi zingapo asanaimirire, chifukwa munthu wogona nthawi yaitali amachita chizungulire akadzuka mofulumira. Chachikulu pa zonse ndi kuimirira kuchoka pampando n'kukhalanso. Ayambe ndi katatu, m'mawa, masana ndi madzulo, muzionjezera sabata ndi sabata. Pang'ono kangapo patsiku kumaposa zambiri kamodzi. Musawakoke manja, ndipo iwo asakoke chogwirira podzuka, azikankha mogwira manja mwa mpando. Mapatapata otayirira achoke, avale nsapato zogwira chidendene. Usiku pakhale kanyale.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Za chimbudzi ndithandizepo ine. Ngati chanu ndi chokumba, gogo sangathe kunjuta. Ndapangirapo anthu angapo mpando wa matabwa wobowola pakati, wokhala ndi mogwira manja, wotalika kufika pabondo la mwini wake kapena kupitirira pang'ono. Usiku mumaika ndowa pansi pake m'chipinda, masana mumaukhazika pamwamba pa dzenje. Kalipentala aliyense angapange, mungomuuza ayeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Kubafa muikenso mpando wina ndi chitsulo chogwira pakhoma, owotcherera amapanga. Pansi pakhale pokhakhala, ndere muzikwecha.

Mayi wa ku Bangwe:
Chabwino, ndamva, ndipo za kapu zija ndavomera. Koma ndionjezere za kudya, poti wa mafizo akufuna minofu. Minofu siimera ndi phala lamadzi ndi tiyi. Agogo ambiri mano anatha, ndiye timangowapatsa zofewa zopanda kanthu. Muziwathira nsinjiro m'phala, kapena Likuni Phala, dzira tsiku lililonse ngati mungathe, usipa wosinja, nyemba zopota, chambiko. Ndipo azidya limodzi ndi anthu, osati okha kuchipinda. Munthu wodya yekha amakhuta msanga.

Bambo wa ku Chipata:
Moni a ku Malawi. Ine funso langa ndi lina. Amayi anga nawonso achitidwa opaleshoni ya m'mimba mwezi watha, ndipo mwana amene ali pafupi ndine ndekha, mwamuna. Akukana kuti ndiwathandize kusamba kapena kuchimbudzi, ndipo ndikuwamvetsa, mwambo wathu sulola. Mkazi wanga amapita kuntchito. Ndichite bwanji?

Namwino wopuma ntchito:
Bambo, musawakakamize. Konzani malo kuti azitha okha zambiri: mpando kubafa, madzi ofunda pamalo okwera kuti asawerame kapena kunyamula ndowa, chifukwa bala la pamimba silifuna zolemera masabata oyambirira. Inu muwaperekeze mpaka pakhomo, adzifunde chitenje, mudikire panja pomwe mungamve akaitana. Za kumsana, pemphani mayi wa kumpingo kwawo kapena mchemwali wawo azibwera masiku ena, kapena asambe madzulo apongozi awo akaweruka. Koma kuyenda muziyenda nawo inuyo tsiku lililonse, kuzungulira nyumba, mawa kufika pamsewu.

NaNkhoma wa ku Chilomoni:
Abale anga, ndabweranso patapita masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zilili. Tinapita kuchipatala, anawajambula, akuti chitsulo chili m'malo mwake ndipo aziponda. Pamsana tinapezadi pamene panayamba kuda, mwamwayi pasanatseguke. Bedi linabwerera, mpando wobowola uja tinapangitsa. Achimwene anga a ku Johannesburg avomera kumalipira galimoto kawiri pamwezi.

Sabata yoyamba inali yowawa. Mayi anandikalipira kuti ndatopa nawo, ndikufuna agwenso. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kubwezera matiresi pansi. Chimene chinasintha zinthu ndi thumba la mtedza limene linabwera kuchokera kumunda kwawo, umene adzukulu anakumba. Ndinaliika pakhonde, ndipo ndinawauza kuti ine nthawi yoswa ndilibe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bweretsa chitsulo chako chogwiriracho." Kuchoka pabedi kufika pakhonde ndi mapazi 14, ndinawerenga. Tinatenga pafupifupi mphindi 10, anapuma kawiri, thukuta lili kamukamu. Anakhala pampando lichero lili pamiyendo, n'kuswa mtedza mpaka dzuwa linapendeka, uku akundidzudzula kuti adzukulu anaukumba mochedwa, wina wamera.

Pano amadya okha, amasamba okha kumtunda, ndipo podzuka amafuna munthu mmodzi, osati awiri. Usiku akadali pa ndowa, ndipo masitepe awiri otsikira pabwalo amawaopa kwambiri.

Tsopano kwabuka ina. Akuti ikafika Ogasiti akufuna kubwerera ku Ntcheu, kunyumba kwawo, akaone nkhokwe yawo. Achimwene akukaniratu, akuti akagwanso ndani adzayankhe. Kumeneko kuli mdzukulu wa zaka 16 yekha, bafa ndi lomwe lija anagweramo, ndipo achibale onena za ufiti aja ali khomo loyandikana. Koma ndikawaona mmene nkhope imawalira akamatchula kwawo, ndikusowa chowayankha.

Wa mafizo ku Zomba:
Mapazi 14 amenewo ndi ntchito yaikulu, muwauze kuti wa ku Zomba wawaombera m'manja. Za ku Ntcheu musayankhe lero kuti inde kapena ayi. Khalani nawo pansi pamodzi ndi achimwene pafoni, mugwirizane zimene ayenera kumatha asanapite: kudzuka okha pabedi, kufika kuchimbudzi okha usana ndi usiku, kutsika masitepe awiriwo, ndi kuyenda pabwalo losasalala. Akamadziwa kuti masitepewo ndi njira ya kwawo, adzawayeserera mosiyana. Pakadali pano wina apite akakonze bafa lija, ndipo mupeze munthu wamkulu woti azikagona nawo. Masitepewo a mafizo akakuonetseni kaye, koma lamulo lake ndi lakuti pokwera umatsogola mwendo wabwino, potsika umatsogola wochitidwa opaleshoni.

NaNkhoma wa ku Chilomoni:
Ndawawerengera uthenga wanu. Akuti ndikufunseni ngati Lachisanu lino angayambe sitepe imodzi, yam'mwambayo.